Khutba ya Jumua: Kudekha kwa Mtima pa Nthawi ya Mavuto, kwa Akulu ndi kwa Ana

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, amene adalenga mtima wa munthu ndipo akudziwa chimene chimautekesa ndi chimene chimaukhazika pansi. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndiponso ndikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja ake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsata mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ine mwini ndi kukulangizani inu kumuopa Allah poyera ndi mseri. Kumuopa Allah muno mumzikiti n'kosavuta, pakuti tonse takhala pamizere ndipo palibe amene akutiputa. Mayeso ake amapezeka kunyumba, pamene ufa watha m'thumba, mwana akulira, ndipo mwini ngongole waima pakhomo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, dziko lathu la Mozambique ladutsa m'zaka zolemera. M'mwezi wa Marichi 2019 namondwe wa Idai adagwera mzinda wa Beira, ndipo patangopita milungu isanu ndi umodzi Kenneth adakantha Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe wa Ana adadula mlatho wa Revuboe ku Tete. Mu 2023 Freddy adatifikira kawiri, kachiwiriko polowera ku Quelimane, napitirira kukapha abale athu ambiri kum'mwera kwa Malawi. Mu 2024 chilala chidaotcha minda, ndipo chaka chomwecho mu Disembala namondwe wa Chido adasasula nyumba ku Cabo Delgado, ku Nampula ndi ku Niassa. Kuyambira Okutobala 2017 nkhondo ya ku Cabo Delgado yakhala ikuthamangitsa mabanja m'midzi yawo. Pamwamba pa izi pali mavuto amene sawulutsidwa pa wailesi: mtengo wa chimanga mu Januwale ndi Febuluwale, msodzi wa ku Metangula amene wabwerera wopanda usipa chifukwa cha mwera, wodwala amene wagona pamphasa miyezi itatu, mwana amene walephera mayeso.

Palibe chimodzi mwa izi chimene Allah sadatichenjeze. Mu Surat Al-Baqarah, ndime 155, adatchula mayeso asanu amene adzafikira okhulupirira: mantha, njala, kuchepa kwa chuma, kutaya miyoyo, ndi kuonongeka kwa zokolola. Zisanu zonsezi taziona ndi maso athu. Choncho khutba ya lero ikufunsa za ola loyamba vuto litagwa. Pakamwa pathu pamatuluka chiyani? Manja athu amachita chiyani? Nanga mwana amene waima pambali akuphunzirapo chiyani?

Tiyambe ndi kuchotsa maganizo olakwika amene ali pakati pathu. Ena amayesa kuti munthu wopirira ndi amene salira, sachita mantha, ndipo nkhope yake ndi youma ngati mwala. Mbiri ya Mtumiki wathu, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ikutsutsa zimenezi. M'chaka cha 10 cha Hijra mwana wake wamwamuna Ibrahim, asanakwanitse zaka ziwiri, adadwala mpaka kufika pomwalira. Mtumiki adamunyamula, ndipo misozi idatsika m'masaya mwake. Abdurrahman bin Awf, Allah asangalale naye, adadabwa kuona Mtumiki wa Allah akulira. Mtumiki adamufotokozera kuti misoziyo ndi chifundo, ndi kuti diso likhoza kukhetsa misozi, mtima nkudandaula, lilime osanena kanthu kosamukondweretsa Allah. Nkhaniyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim.

Tsiku lomwelo dzuwa lidadetsedwa ndi kadamsana, ndipo anthu adayamba kunong'onezana kuti lachita mdima chifukwa cha imfa ya Ibrahim. Taganizirani bambo amene wangoika kumene mwana wake m'manda. Mawu oterewa akadamutonthoza, ndipo palibe akadamudzudzula akadangokhala chete. Koma Mtumiki adatsogolera anthu pa swala ya kadamsana, kenako adawaongola kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah zimene sizidetsedwa chifukwa cha imfa kapena moyo wa wina aliyense. Maso ake adali ndi misozi, koma nzeru zake zidali pamalo pake. Uku ndiko kudekha kumene tikukamba lero: mtima umve zowawa zonse zimene ukumva, koma chiwongolero cha lilime ndi dzanja chisachoke kwa mwini wake.

Mneneri Yaqub, mtendere ukhale pa iye, adalira mwana wake Yusuf mpaka maso adayera, monga tikuwerengera mu Surat Yusuf kuyambira ndime 84 mpaka 87. Qur'an sidamudzudzule pa kulirako. Madandaulo ake adawapereka kwa Allah, ndipo ali m'chisoni chomwecho adatuma ana ake kukafunafuna Yusuf ndi m'bale wake, nawaletsa kutaya mtima. Munthu wachisoni angathe kulamula zinthu mwanzeru m'nyumba mwake.

Inu akapolo a Allah, phindu la kudziletsa lili pa nthawi yake. Anas bin Malik akusimba kuti Mtumiki adadutsa pa mayi wina amene ankalira pamanda, namulangiza kumuopa Allah ndi kupirira. Mayiyo, posamuzindikira, adamuyankha mwaukali kuti amusiye chifukwa tsokalo silidagwere iye. Mtumiki sadabweze mawu, adangopitirira. Mayiyo atauzidwa kuti adali Mtumiki wa Allah, adapita kukapepesa, ndipo Mtumiki adamuphunzitsa kuti kupirira kwenikweni kumaoneka pamene tsoka langogunda kumene. Pali maphunziro awiri apa. Loyamba, pakapita mwezi aliyense amatonthola, ngakhale wosakhulupirira, chifukwa nthawi imaziziritsa chilichonse; malipiro aakulu ali m'mphindi zoyamba. Lachiwiri, Mtumiki sadalimbane ndi munthu amene mtima wake udali pamoto. Adadikira mpaka mayiyo adabwera yekha ali wokonzeka kumva. Makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tione chimene chimachitika m'thupi pa mphindi zoyambazo, chifukwa amene walidziwa thupi lake sadabwa nalo. Madokotala amafotokoza kuti munthu akachita mantha kapena akapsa mtima, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi mankhwala otchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umafupika, minofu imakungika, ndipo thupi limakonzekera kumenya kapena kuthawa. Allah adatipatsa zimenezi kuti tipulumuke kwa ng'ona pamtsinje kapena kwa njoka m'munda. Vuto ndi lakuti thupi silisiyanitsa ng'ona ndi mwana amene waswa chikho. Limayaka mofanana, ndipo pa nthawi imeneyo mbali ya ubongo yoganiza mofatsa imagwira ntchito mofooka. Motowu sukhalitsa ngati suwonjezeredwa nkhuni. Nkhuni zake ndi mawu athu omwe.

Malangizo a Mtumiki pa mkwiyo akugwirizana ndi mmene thupi lidalengedwera, ndipo ndi osavuta kuwasunga. Sulaiman bin Surad akusimba kuti anthu awiri adatukwanizana pamaso pa Mtumiki, mmodzi mpaka nkhope kufiira ndi mitsempha ya m'khosi kutupa. Mtumiki adanena kuti munthuyo akadapempha chitetezo kwa Allah kuti amutchinjirize kwa satana, mkwiyowo ukadamuchokera. Ichi ndi choyamba: kutembenuza lilime kuchoka kwa munthu amene wakulakwira kupita kwa Allah. Chachiwiri chili mu hadith ya Ibn Abbas imene adailandira Imam Ahmad: amene wakwiya akhale chete. Chachitatu chili mu hadith ya Abu Dharr imene adailandira Abu Dawud: wokwiya ali chiimire akhale pansi, ndipo ngati mkwiyo sunachoke agone. Munthu woima ali pafupi ndi kumenya, wokhala pansi watalikirako, ndipo wogona watalikiratu. Chachinayi ndi kuchita wudhu. Hadith yake akatswiri ena adaikayikira mzere wa oilandira, koma mashehe akhala akulangiza zimenezi kuyambira kale, ndipo aliyense wa ife akudziwa mmene madzi ozizira kumaso amatsitsira mtima. Pamene mukupita kukatunga madziwo, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa mmene mwaukokera, chifukwa kutero kumachepetsa kugunda kwa mtima.

Chachisanu ndi chimene chimapulumutsa mabanja. Mtumiki adaletsa woweruza kuweruza pakati pa anthu awiri iye ali wokwiya, monga adasimbira Abu Bakra. Ngati woweruza wophunzira akuletsedwa, nanga bwanji ine ndi inu? Bambo m'nyumba mwake ndi woweruza, mayi ndi woweruza, mwalimu wa pamadrasa ndi woweruza. Talaka zingati zatchulidwa usiku, nkudzalira nazo m'mawa pakhomo pa shehe? Mauthenga angati atumizidwa pa WhatsApp mkwiyo uli pamutu, chibale cha zaka makumi nkuthera pomwepo? Dziikireni lamulo lakuti chigamulo chilichonse chachikulu chidikire swala imodzi. Zimene mwaganiza Asr isanakwane, muzinene Asr itatha. Ngati ndi zoona zidzakhalabe zoona, ndipo ngati zidali za satana mudzazipeza zitasungunuka.

Mu hadith imene adaisimba Abu Huraira, Mtumiki adatembenuza tanthauzo la mphamvu. Kwa iye ngwazi ndi amene amadzigwira pa nthawi ya mkwiyo, osati wogwetsa anzake pa kulimbana. Ndipo Surat Aali Imran, ndime 134, ikuika omeza mkwiyo ndi okhululukira anthu m'gulu la amene akonzeredwa Janna. Onani kuti ndimeyi ikukamba za anthu amene mkwiyo amaumva, koma amaumanga pakamwa monga mmene timamangira thumba lodzaza.

M'nyumba ya Mtumiki momwe zoterezi zidachitika. Bukhari akusimba kuti tsiku lina Mtumiki ali ndi alendo kunyumba ya mmodzi mwa akazi ake, mkazi wina adatumiza mbale ya chakudya. Mwini nyumbayo, chifukwa cha nsanje, adamenya dzanja la wonyamula, mbale nkugwa nkusweka. Pamaso pa alendo, Mtumiki adawerama natola zidutswa za mbale ndi chakudya chija, nauza alendowo mofatsa kuti mayi wawo wachita nsanje. Kenako adatumiza mbale yabwino kwa mwini mbale yosweka. Adatchula chimene mkazi wake ankamva, sadamuchititse manyazi, ndipo chilungamo chidachitika.

Abale anga, mkwiyo uli ndi mnzake amene amapha anthu ambiri nthawi imodzi, ndiye mantha obwera ndi mphekesera. Pa 7 Epulo 2024, m'masiku otsiriza a Ramadhan, bwato la usodzi lonyamula anthu pafupifupi 130 lidamira pochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula. Anthu pafupifupi 100 adamwalira, ndipo pakati pawo padali ana ambiri. Akuluakulu a boma adanena kuti ambiri mwa okwerawo ankathawa chifukwa cha mphekesera zokhudza kolera. Allah awachitire chifundo onsewo ndipo atonthoze mabanja awo. Sitikuwadzudzula, pakuti makolo amenewo ankafuna kupulumutsa ana awo. Koma tidzifunse za malilime amene adanyamula mphekeserazo khomo ndi khomo. M'madera ena a dziko lino ogwira ntchito zaumoyo, obwera ndi mankhwala otsukira madzi, adamenyedwapo ndi anthu amene adauzidwa kuti iwowo ndiwo akufalitsa kolera.

Surat An-Nisa, ndime 83, ikudzudzula anthu amene akangomva nkhani ya mtendere kapena ya mantha amaifalitsa pomwepo, m'malo moipereka kwa odziwa kuifufuza. Surat Al-Hujurat, ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani tisanapweteke anthu mosadziwa nkudzanong'oneza bondo. Masiku ano mphekesera imayenda pa foni, ndipo chala chimodzi chimaifikitsa ku Lichinga, ku Cuamba ndi ku Ulongwe nthawi imodzi. Uthenga ukafika wokuuzani kuti thawani, kapena kuti gwirani wakutiwakuti, funsani: wanena ndani, waona ndani? Mukapanda kupeza yankho, uthengawo uthere pa inu. Koma chenjezo la namondwe kapena la madzi osefukira likachokera ku INGD kapena ku wailesi ya boma, limvereni msanga ndipo samukirani kumtunda. Mtumiki adauza mwini ngamila kuti ayambe waimanga, kenako atsamire kwa Allah. Kudekha kumatipatsa mpata wosiyanitsa chenjezo loona ndi phokoso.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikumupempha Allah chikhululuko cha ine ndi cha inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye amakhululukira olapa.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah amene adatipatsa ana kukhala amana m'manja mwathu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, amene adali wachifundo kwa ana kuposa wina aliyense.

Inu makolo, agogo, amalume ndi aphunzitsi, gawo lachiwirili ndi lanu. Mwana wamng'ono sangathe kudzikhazika mtima pansi yekha. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa, imamaliza kukhwima munthu atapitirira zaka 20. Mwana amabwereka bata kwa wamkulu amene ali pafupi naye. Mphezi ikang'anima, amayamba wayang'ana nkhope ya mayi ake asanasankhe kulira. Asodzi a m'nyanja yathu akudziwa kuti mwera ukadzuka, onse m'bwato amayang'ana wogwira chiwongolero. Iye akanjenjemera, onse amaimirira, ndipo bwato limagubuduka. M'nyumba mwanu wogwira chiwongolero ndinu.

Mantha a mwana nthawi zambiri satuluka ndi mawu. Mwana amene adasiya kale kukodza pogona amayambiranso. Wina amakakamira nsalu ya mayi ake tsiku lonse. Wina amadandaula m'mimba kapena mutu pomwe kuchipatala sanamupeze ndi matenda. Wina amadzidzimuka usiku, wina amayamba ndewu kusukulu, wina amangoti ndwii osalankhula. Ana amene adaona denga likuuluka, kapena amene adathawa kulira kwa mfuti, angathe kunjenjemera mphepo ikangowomba patapita chaka chathunthu. Ife timazitcha mwano kapena kupusa, nkutenga chikoti. Potero timaonjezera mantha achiwiri pa oyamba, ndipo mwana amataya malo okhawo amene akadathawirako.

Mtumiki ankawerenga mitima ya ana ndi ya amayi awo. Bukhari akusimba kuti ankalowa m'swala ndi cholinga choitalikitsa, koma akamva mwana akulira ankaifupikitsa poganizira nkhawa ya mayi wake. Swala ya jamaa, yotsogoleredwa ndi Mtumiki wa Allah, inkafupikitsidwa chifukwa cha khanda limodzi. Anas adali ndi mng'ono wake wotchedwa Abu Umair, amene ankasewera ndi kambalame. Kambalameko katafa, mwanayo adakhala wachisoni, ndipo Mtumiki adamuitana ndi dzina lake laulemu namufunsa za kambalame kake. Munthu amene adanyamula nkhawa za umma wonse adapeza nthawi ya chisoni cha mwana pa kambalame. Anas yemweyo adatumikira Mtumiki zaka khumi kuyambira ali mwana, ndipo adachitira umboni kuti sadamvepo kwa iye liwu lonyansidwa ngakhale limodzi. Ndipo pamene Aqra bin Habis adaona Mtumiki akupsompsona mdzukulu wake Hasan, nanena kuti iye ali ndi ana khumi koma sadapsompsonepo ndi mmodzi yemwe, Mtumiki adamuchenjeza kuti wopanda chifundo sadzachitiridwa chifundo.

Pa zitsanzo izi titengepo zochita m'nyumba zathu.

Mwana akagwidwa ndi mantha kapena ukali, yambani ndi thupi lanu. Khalani pansi kuti maso anu alingane ndi ake, tsitsani mawu, mugwireni dzanja kapena mumufungatire ngati akulola. Mutchulireni chimene akumva: waopa mphepo ija, wakwiya chifukwa mnzako wakulanda. Mwana akamva dzina la chimene chikumuvuta, chinthucho chimachepa mphamvu. Ulangizi udikire mpaka kulira kutatha, monga mmene Mtumiki adadikirira mayi wa pamanda uja. Zimenezi sizikuchotsa mwambo. Mwana amene wamenya mnzake adzauzidwa kulakwa kwake ndipo adzapepesa, koma pa nthawi imene makutu ake atseguka.

Muuzeni mwana zoona, pa mlingo wa msinkhu wake. Agogo akamwalira, musanene kuti apita ku ulendo, chifukwa adzawadikira pamsewu ndipo tsiku lina adzaleka kukukhulupirirani. Muuzeni kuti abwerera kwa Allah, kuti sadzabweranso kuno, kuti tikuwapempherera, ndi kuti imfayo siidachitike chifukwa cha iye. Ana ambiri amadziimba mlandu mwakachetechete pa imfa ndi pa kutha kwa banja. Muuzeninso amene adzamusamale, chifukwa funso limeneli ndilo limamusowetsa tulo.

Sungani ndondomeko ya tsiku ngakhale zinthu zitasokonekera. Ngakhale muli pamsasa m'kalasi ya sukulu kapena kwa abale, nthawi za swala zisasinthe, nthawi ya chakudya idziwike ngakhale chili chochepa, ndipo mwana abwerere kusukulu ndi kumadrasa msanga mmene zingathekere. Mupatseni kantchito kolingana ndi msinkhu wake, monga kuyala mkeka wa swala kapena kusunga tochi, chifukwa mwana amene ali ndi chochita mantha ake amachepa. Musamuonetse makanema a mitembo ndi a nkhondo pa foni, ndipo mikangano ya ndalama muziikamba ana atagona.

Pogona, tsatirani sunna imene adaisimba mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye: Mtumiki ankaphatikiza zikhato zake, nauziramo, nawerenga sura zitatu zotsiriza za Qur'an, kenako nkudzipaka thupi kuyambira kumutu ndi kumaso, katatu. Chitani zimenezi pamodzi ndi mwana wanu usiku uliwonse. Akumva mawu a Allah, akumva dzanja la kholo pamutu pake, ndipo akuphunzira kumene mtima wamantha umathawira. Surat Ar-Ra'd, ndime 28, ikutiuza kuti mpumulo wa mitima uli m'kumukumbukira Allah, ndipo m'mera mpoyamba.

Chenjerani ndi matemberero. Mu hadith ya Jabir imene adailandira Muslim, Mtumiki adaletsa kudzitemberera tokha, kutemberera ana athu ndi chuma chathu, kuopa kuti mawuwo angakumane ndi nthawi imene duwa imayankhidwa. Mayi wotopa amene wakuwa kuti mwana uyu bola akadafa sakufuna zimenezo, koma mawu atuluka, ndipo mwana wawamva. Zoloweretsani lilime kuti pa mkwiyo lizinena kuti Allah akuongole.

Nanga kholo likapsa mtima nkupyola malire? Qur'an ikusimba za Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, mu Surat Al-A'raf kuyambira ndime 150 mpaka 154. Atapeza anthu ake akupembedza thole, adaponya pansi magome a chilamulo nagwira m'bale wake Harun pamutu. Koma Harun atamufotokozera, Musa adapempha chikhululuko cha iye ndi cha m'bale wake, ndipo mkwiyo utatonthola adawatolanso magome aja. Kholo nalo litole chimene laponya. Kupita kwa mwana nkumuuza kuti ndakukalipira mopyola, Allah andikhululukire, sikuchotsa ulemu wa bambo. Mwana amene wamva mawu amenewa waphunzira toba ndi maso ake, ndipo adzawanena kwa mkazi wake kapena kwa mwamuna wake zaka makumi awiri zikubwerazi.

Inu achinyamata amene muli muno, mawu awa ndi anunso. Mayeso a kusukulu, kusowa kwa ntchito ndi kunyozedwa ndi anzanu ndi katundu weniweni. Ena adzakuuzani kuti mowa, chamba kapena juga ya pa foni zimatsitsa mtima. Zimautseka pakamwa kwa ola limodzi, kenako vuto limabwerera litabereka ana. Enanso amasakasaka achinyamata okwiya kuti awagwiritse ntchito yokhetsa magazi m'dzina la chipembedzo, ndipo Cabo Delgado yationetsa mathero ake. Mkwiyo wanu musaupereke kwa munthu wina kuti auyendetse. Hudhaifa akusimba kuti Mtumiki chinthu chikamuvuta ankathamangira ku swala. Mtumiki ankauzanso Bilal kuti aitanire swala kuti apumule nayo. Rakaa ziwiri zoswalidwa mosafulumira, chipumi chitakhazikika pa sajida, zimabweza mpweya ndi nzeru pamalo pake.

Pomaliza, abale anga, mutu umodzi susenza denga. Pamene Mtumiki adatsika kuphanga la Hira akunjenjemera, mayi wathu Khadija adamufunditsa, adamukumbutsa ubwino wake, kenako adapita naye kwa Waraqa bin Nawfal, munthu wodziwa. Pamene Jafar bin Abi Talib adaphedwa pa nkhondo ya Mu'ta m'chaka cha 8 cha Hijra, Mtumiki adalamula kuti banja lake liphikiridwe chakudya chifukwa lidatanganidwa ndi chisoni. Aisha ankalamula kuti ofedwa aphikiridwe talbina, phala lopyapyala la ufa wa barele, chifukwa adamva kwa Mtumiki kuti limatonthoza mtima wa wodwala ndi kuchepetsa chisoni. Ife tili ndi phala lathu la mgaiwa. Mnansi akagwa m'mavuto, mupititsireni mbale ndipo khalani naye pakhonde, ngakhale mulibe mawu oti munene.

Ndipo ngati nkhawa kapena chisoni chapitirira milungu ingapo, munthu sakugona, sakudya, sakutha kugwira ntchito, pitani naye kuchipatala. Mtumiki adatilamula kufunafuna mankhwala, ndipo matenda a maganizo ndi matenda monga malungo. Kupita kuchipatala sikusonyeza kuchepa kwa imani. Munthu akayamba kunena zofuna kudzichotsera moyo, musamunyoze ndipo musamusiye yekha. Mumvereni, ndipo mufikitseni kwa achipatala tsiku lomwelo. Pa nkhani za ana amene akuzunzidwa kapena ali pangozi, dziko lathu lili ndi nambala yaulere ya 116, ya Linha Fala Criança.

Mlungu uno aliyense wa ife asankhe mphindi imodzi imene amadziwa kuti amapsera mtima, kaya ndi m'mawa pokonzekeretsa ana kusukulu, kaya ndi madzulo pobwera kumsika, ndipo pa mphindi imeneyo achite zimene Mtumiki adaphunzitsa: apemphe chitetezo kwa Allah, atseke pakamwa, akhale pansi.

E Allah, tsitsani bata m'mitima yathu ndi m'mitima ya ana athu. Tipatseni lilime loona pa mkwiyo ndi pa chisangalalo. Tichotsereni nkhawa ndi kulemedwa ndi ngongole. E Allah, chitirani chifundo amene adamira m'madzi, amene adafa ndi namondwe, ndi matenda, ndi nkhondo, ndipo bwezerani othawa kwawo m'midzi yawo mwamtendere. Tipatseni mvula yamadalitso yosaononga. Chiritsani odwala athu, khululukirani makolo athu amoyo ndi omwalira, ndipo lipatseni dziko la Mozambique chitetezo ndi chilungamo. E Allah, tsitsani madalitso ndi mtendere pa Mtumiki Wanu Muhammad, pa akubanja ake ndi pa maswahaba ake onse.

Imirirani ku swala, Allah akuchitireni chifundo.